Ndimalize Kaye Mzere Uwu

Mu saluni ija munalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti Mphenzi, chifukwa zala zake zikagwira tsitsi, mutu umene ena amaluka mpaka dzuwa kupendeka iye ankaumaliza anzake asanatenthetse n'komwe chakudya chamasana. Makasitomala ankalimbirana mpando wake. Ndiye taganizani, munthu wachangu chotere n'kumalephera chinthu chimene ngakhale mbuzi imachita popanda woiphunzitsa: kuyamwitsa mwana mpaka anenepe.

Mwanayo anali woyamba, wamwamuna, wa miyezi itatu, ndipo azimayi a mu saluni anali atamupatsa kale dzina loti Ambulansi. Sikuti ankamunyoza ayi, dzinalo analigwirira ntchito yekha. Ankakhala phee kumbuyo kwa mayi ake, womangidwa bwino mu nsalu, kenako mwadzidzidzi n'kuyamba kulira kosongoka, kolowa mpaka m'mano, koposa phokoso la dilaya ndi wailesi pamodzi.

Lachiwiri lina m'mawa, saluni itadzaza, fungo la mankhwala owongolera tsitsi lili ponseponse, Ambulansi inayamba Mphenzi ali pakati pa mutu wa mayi wina wa ku banki.

"Mphenzi, odwala afika," anatero Madamu, eni saluniyo, ali kalikiliki kutsuka mutu wa munthu pa sinki.

"Ndamva, Madamu. Ndimalize kaye mzere uwu."

Musamuweruze msanga. Woluka aliyense amadziwa kuti mzere sausiya panjira. Ukausiya umamasuka, meshi imasololoka, ndipo ukabwerera dzanja silikokanso ngati poyamba. Kasitomala akakafika kunyumba n'kudziyang'ana bwinobwino, amapaona pamene unalumikiza. Madamu anawaphunzitsa onse lamulo limeneli asanawaphunzitse n'komwe kagwiridwe ka chipeso: foni ilire, mkodzo ukugwire, kunja kugwe ngozi, mzere uyenera kufika kunkhongo. Mphenzi lamuloli linamulowa m'magazi. Choncho zala zinathamanga, mwana akukuwa m'khutu mwake, mayi wa ku banki atatsinzina ngati akumva mutu, mpaka mzere unafika.

Anathamangira m'kachipinda ka kuseri kosungiramo matawulo ndi zigubu za shampu, nakhala pa chidebe chovundikira, namasula nsalu. Mwana anali atafiira, thupi lonse lili gwa, msana ataupinda chagada. Akamupatsa bere ankaligwira n'kulilavula, kulimenya ndi chibakera, kukuwa bere lili pakamwa pomwe.

"Nali, bambo, nali! Ukufunanso chiyani? Si ili?"

Anamugwedeza, anamusinthira mbali ina, thukuta lili kamukamu, khutu lili ku saluni kumene mayi wa ku banki anali atayamba kufunsa nthawi. Pamapeto pake mwana anagwira, anakoka kangapo mofooka, akusisima, maso n'kutsekeka.

"Wakhuta," anatero Mphenzi. Anasolola bere, anamuika kumbuyo, namanga nsalu akuyenda.

Mawu amenewa ankawanena tsiku ndi tsiku, koma masiku amenewo anali atayamba kumuwawa pakhosi. Sabata yapitayo anali atapita naye ku sikelo. Anesi, mayi wa magalasi ndi maso otopa, anamupachika mwanayo, anayang'ana muvi, anamutsitsa, n'kumupachikanso ngati sikelo yanama.

"Mayi, mwanayu sakukwera. Mwezi watha anali pomwepa. Mumamuyamwitsa nthawi yanji?"

"Akangolira, anesi. Ine sindichedwa."

"Pamenepo ndi pamene pali vuto. Kulira ndi belu lomaliza. Mwana akafika polira ndiye kuti wapempha mpaka watopa, ndipo wotopa sayamwa bwino, amangogona ndi njala yake. Muziyang'ana pakamwa ndi manja. Akayamba kutembenuzatembenuza mutu, kuyasama, kunyambita milomo, kuyamwa zibakera, mpatseni pomwepo. Ndipo musamamuchotse ndinu. Akakhuta amalisiya yekha, manja n'kutambasuka."

Mphenzi anangoti inde, inde, foni ikunjenjemera m'chikwama, kasitomala akudikira. Mumtima ankati, awa akunena za ana ena. Wanga alibe zoyasamayasama, wanga amachoka kutulo n'kulowa m'kulira ngati wayatsidwa ndi swichi. Anesi anamuuza kuti abwerenso mwezi usanathe.

Kulakwa kwake kunali kukafotokozera mwamuna wake. Bamboyo, wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa mopitirira muyezo, analibe chinsinsi pamaso pa achemwali ake aakulu amene anamulera makolo awo atamwalira. Nkhani siinachedwe panjira. Lamulungu alamu aja anali pakhomo.

Anali mayi waukhondo, wa nyumba yabwino kutsidya lina la tauni, kokwera maminibasi awiri, ndipo m'banja mwawo zaka zinali zitapita zambiri popanda mwana. Nkhani imeneyo sinkatchulidwa. Anamunyamula mwanayo, anamutsina pantchafu, napukusa mutu.

"Mlamu, ntchafu izi ndi za mwana wa miyezi itatu? Kaya mkaka wako ndi madzi, kaya ntchito yakudya nzeru, ine sindikudziwa. Mwana akulira m'fungo la mankhwala tsiku lonse. Ndipatseni ine. Nthawi ndili nayo, mkaka wa m'chitini ndigula, iwe uzibwera ukapeza mpata. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji uyu, magazi anga enieni."

Mphenzi anayang'ana mwamuna wake. Bambo uja anali atatanganidwa ndi kukanda chipsera cha moto padzanja pake, maso ali pansi.

"Achemwali akunena zoona penapake, amayi," anatero chapansipansi. "Tione sikelo ikubwerayi. Akapanda kukwera, apite kaye."

Apite kaye! Ngati akunena za wailesi yopita kokonzetsa. Mphenzi anapsa mtima mpaka m'makutu munalira, koma pakamwa sipanatuluke kanthu, chifukwa ntchafuzo nayenso ankaziona. Kusiya ntchito sikukanatheka, nyumba yawo inkaima ndi manja anayi. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso pansi. Ankapesa tsitsi akuganiza sikelo, kutafuna akuganiza sikelo, ndipo minibasi iliyonse ikaima pafupi ndi saluni ankasuzumira kuti aone amene akutsika.

Masana a Lachiwiri lomwelo, anthu atachepa, azimayi anasonkhana pa tebulo la Nazikhadabo kuti adye. Nazikhadabo anali wopaka zikhadabo, ndipo tebulo lake linali pafupi ndi khomo, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa Mphenzi. Anali mayi wa pakamwa posatseka, amene ankanena poyera kuti ana amawakonda akakhala a eni ake.

"Bwerani muone filimu," anatero akupukuta zala. "Ndajambula m'mawa uja. Mphenzi, mwana wakoyu adzakhala telala, amadziwa kulawa nsalu."

Mitu inaunjikana pa foni. Mphenzi anali asanauonepo msana wake ali pantchito. Anaona bulauzi yake yachikasu, zigongono zikuvina, ndi kamutu kali pakati pa mapewa ake. Kamutuko kanadzuka. Maso anatseguka, phethiphethi. Mwana anatembenuzira nkhope kumanja, kukamwa kuli yasa, natembenuzira kumanzere, akufunafuna. Ananyambita milomo. Anavutika kusolola dzanja mu nsalu, nalowetsa chibakera chonse m'kamwa n'kumachiyamwa mwamphamvu mpaka masaya kulowa. Chibakera chitamugwiritsa mwala, anakanikiza nkhope pamsana pa mayi ake n'kuyamba kuyamwa bulauzi.

Azimayi anafa nalo phwete.

"Taonani khama! Akuyesa kumbuyoko kuli mpopi!"

Mphenzi sanaseke. Mu foni muja mwana anayamba kuphiriphitha, ndipo iye anadziona akuchita chimene sankadziwa n'komwe kuti amachita. Anagwedeza chiuno, anamudumphitsa kawiri katatu, chigongono n'kumugunda pang'ono pathako kuti agone, uku akuseka nthabwala ya mayi wa ku banki. Mwana anakhala chete pang'ono, nayambiranso. Kuyasama, chibakera, bulauzi. Pa nsalu yachikasu panaoneka banga lonyowa likukula. Mzere unatha, Mphenzi wa mu foni anayamba wina. Unatha, anayambanso wina. Filimu inali yaitali, abale, yaitali zedi, ndipo kulira kunabwera kumapeto kwenikweni.

Banga lija ankalidziwa. Madzulo aliwonse povula ankalipeza, n'kumati ndi thukuta la munthu wobereka mwana m'nyumba yotentha ndi madilaya.

"Amachita zimenezi tsiku lililonse?" anafunsa Mphenzi.

"Tsiku lililonse, kangaponso," anatero Nazikhadabo akupukuta misozi ya chiseko. "Ine ndiye wotchi yanga imeneyo. Akayamba kudya bulauzi ndimadziwa kuti ndifulumire kupaka, Ambulansi yanyamuka."

"Nanga osandiuza bwanji?"

Nazikhadabo anamuyang'ana, chiseko chinazima. "Iii, mnzanga, ine ndimayesa ukumva. Si msana wako?"

Madamu anatsokomola n'kupita kukazimitsa dilaya imene inali yozima kale. Mphenzi anamva chisoni, anamva manyazi, anamvanso mkwiyo wosowa woupsera. Anesi aja sananame. Mwana wake ankayasama, ankapempha mwaulemu wake wonse, kungoti ankapemphera kumene mayi ake alibe maso, ndipo mayi akewo yankho lawo linali chigongono.

Sanakhale pansi kuti alire, nthawi yake analibe. Mu saluni iliyonse mumakhala kagalasi kam'manja koonetsera kasitomala kumbuyo kwa mutu wake akamaliza kulukidwa. Mphenzi anakatenga, anadula chingwe cha meshi, nakamangirira pa chitsulo cha dilaya kumbuyo kwake. Anakapendeketsa uku ndi uku, Nazikhadabo akumuuza kuti kwezako, tsitsako, wapitirira, mpaka poyang'ana m'galasi lalikulu la kutsogolo, pamwamba pa mutu wa kasitomala, anaona kankhope ka mwana wake kali m'tulo.

"Saluni yanga yasanduka minibasi tsopano, magalasi mbali zonse," anatero Madamu. "Bola mizere iziwongoka."

Koma kuona n'kwina, kusiya n'kwina. Chakumadzulo ankaluka mtsikana wina wa ku koleji, diso limodzi pamutu, lina pa kagalasi. Anaona maso akutseguka. Anaona kukamwa. Mtima unati siya, koma zala zinakana, zinangowonjezera liwiro. Ndatsala pang'ono, bambo, pang'ono pokha. Mzerewo unali wa meshi yofika m'chiuno, ndipo pamene ankaumaliza Ambulansi inali italira kale. Anakhala pa chidebe chija akulimbana ndi mwana wofiira, akudzitukwana mumtima. Ulendo uno analibe ponamizira, anali ataona ndi maso ake.

M'mawa mwake pampando pake panakhala mayi wina wa ndolo zazikulu, kasitomala wakalekale wa Madamu, wodziwika kuti ngakhale madzi otsukira mutu amawapezera chifukwa. Mphenzi ali pakati penipeni pa mzere, pamwamba pa khutu, kagalasi kanamuonetsa chibakera chikulowa m'kamwa. Zala zinafunanso kuthawa. Anakukuta mano, anatenga chopanira, napana tsitsi pomwepo.

"Pepani mayi, ndikayamwitse mwana."

"Mwana wake uti? Walira?"

"Sanalire."

"Ndiye?"

Mphenzi anali atapita kale.

M'kachipinda muja zinthu zinayenda mwachilendo. Mwana sanamenye, sanapinde msana. Anangoyasama kwambiri, nagwira, nayamba kukoka mwakuya, modekha, ndipo Mphenzi anamva chinthu chimene phokoso la kulira linkamubisira masiku onse: kumeza. Gudyu, gudyu, gudyu. Maso a mwanayo anali pa nkhope yake, osaphethira, ngati akufuna kuona kuti kodi mayi ameneyu lero wadya chiyani.

Koma nthawi! Kunja mawu a mayi wa ndolo ankamveka bwinobwino.

"Madamu, kodi ndikhala chonchi ngati nkhuku yososoledwa mbali imodzi?"

Madamu anagogoda pachitseko. "Mphenzi, wagona m'menemo?"

"Ndikubwera, Madamu!"

Dzanja lake linapita lokha kuti likasolole bere monga mwa masiku onse. Anayang'ana kadzanja ka mwana. Kanali kofumbata gwa, katagwira kolala ya bulauzi. Anabweza dzanja lake lija nalikhalira, kuti lisamupusitse. Madamu anagogodanso, iye anayankhanso kuti akubwera, koma sanabwere. Mwana atasiya mbali imodzi anamupatsa inayo, ndipo anaigwira ngati akuyamba kumene. Mayo ine, njala yonseyi inali kumbuyo kwangaku? Pang'ono ndi pang'ono kukoka kunachepa. Tizala tinayamba kumasuka kamodzikamodzi, chikhatho chinatseguka, mkono wonse unagwa lende. Bere linatuluka lokha, mkaka uli pamlomo. Anayesa kumubwezera, koma mwana anatseka pakamwa n'kutembenukira kumbali. Anamuika paphewa, ndipo anageya ngati bambo wamkulu.

Atatuluka anapeza mayi wa ndolo atasamukira pampando wa Madamu, mzere uja ukumasulidwa kuti uyambidwenso. Madamu sanakweze mawu, ndipo zikatero m'pamene amaopsa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Lero ndakuphimbira. Sindidzakuphimbira tsiku lililonse."

"Ndamva, Madamu."

Masiku otsatira anali a chipwirikiti. Zopanira zinachuluka m'thumba la epuloni yake. Makasitomala ena ankamvetsa, ena anasamukira kwa anzake, wina anamutcha Nkhono pamaso pomwe. Nthawi zina ankalakwitsa, kuthamangira kukachipinda mwana akungoyasamula tulo kapena akungosewera ndi zala zake, n'kubwerako wamanyazi, Nazikhadabo akumufunsa ngati alendo akana chakudya. Komabe mu saluni anthu anayamba kumva zimene wailesi ikunena. Matewera anayamba kunyowa pafupipafupi. Ntchafu zokha ndi zimene sizinkayankha msanga. Ankazitsina m'mawa uliwonse, osadziwa ngati zasintha kapena maso ake akumukondera.

Anayesa kumuonetsa mwamuna wake tsiku lina akumanga nsapato kuti azipita kuntchito.

"Bambo ake, taonani. Mwaona chibakeracho? Pamenepo akuti ndipatseni."

Bambo uja anayang'ana, anamwetulira, kenako nkhope inagwa. "Achemwali anaimbanso dzulo."

"Ndiye munawauza chiyani?"

"Ndinati tiona."

Tiona, tiona! Munthu wopinda zitsulo ndi moto tsiku lonse, koma mawu amodzi oti ayi ankamulemera kuposa geti.

Alamu sanadikire sikelo. Loweruka, tsiku limene saluni imadzaza mpaka ena kukhala pakhonde, analowa ndi chikwama chachikulu paphewa ndi nsalu yatsopano yoberekera ili m'khwapa. Anapereka moni kwa Madamu, nakhala pa benchi yodikirira, maondo pamodzi.

"Mlamu, ndaona kuti kudikira n'kungozunza mwana. Mlongo wanga ndalankhula naye, sanakane. Ukamaliza mutu umenewo tipite kunyumba ukandipatse zovala zake."

Sanakane! Inde, munthu uja sanakanepo kanthu chibadwire. Mphenzi m'maso munada. Zala zinapitiriza kuluka zokha pamutu pa mayi wina mphunzitsi, anthu onse atatchera makutu uku akunamizira kuyang'ana mafoni. Ali m'kati mosaka mawu oyankha, kagalasi kanamuonetsa kamutu kakutembenuka, kukamwa kuli yasa.

Anapana tsitsi. M'kachipinda muja munali mutadzaza makatoni a katundu amene anafika m'mawa, choncho anakhala pa benchi pomwepo, phewa ndi phewa ndi alamu ake, namasula nsalu.

"Mwana sanalire," anatero alamu. "Ukudzionetsera kwa ine?"

"Wapempha, alamu."

"Wapempha! Wakuimbira foni?"

Wina anaseka kumbuyo kwa magazini. Mwana anali atagwira kale bere. Alamu anaonerera kanthawi, kenako anatsegula chikwama chawo. Anatulutsa fulasiki, botolo lonyezimira ndi chitini. Anayeza ufa wa mkaka mosamala, anathira madzi, anakhutchumula, nadonthezera padzanja pawo kuti aone kutentha. Manja awo sanazengereze pena paliponse, zinkachita kuonekeratu kuti anayeserera kunyumba. Anagwira botolo lija pamiyendo n'kumadikira. Mayi mphunzitsi nawonso ankadikira ndi mutu wawo wosatha, Madamu ankadikira ndi diso la m'mbali, ndipo mwana yekha ndi amene sankafulumira.

Pamapeto pake kukoka kunachepa, kadzanja kanatambasuka, bere linatuluka.

"Wasewera mokwanira," anatero alamu. "Bwera naye kuno amwe zenizeni."

Anamutenga Mphenzi asanatsegule n'komwe pakamwa. Anamugoneka pamkono, namuika mphira ya botolo pamlomo. Mwana anatseka milomo n'kutembenuza mutu. Alamu anamutsatira ndi botolo. Anatembenukira kwina, iwo anatsatiranso, nakanikiza mphira ija pakati pa milomo. Mkaka unayenderera patsaya mpaka m'khosi. Nkhope inayamba kukwinyika.

"Tsegula, bambo, tsegula. Aa. Ndi azakhali ako, tsegula."

Chikwatiwire Mphenzi anali asanawabwezepo mawu alamuwa. Anatambasula dzanja nagwira botolo lija.

"Alamu, wakhuta. Taonani dzanja lakelo, latambasuka. Akakhala ndi njala limafumbata. Watseka pakamwa, wakukanani kawiri. Musamukakamize."

"Iwe za ana wazidziwa liti?"

"Masiku omwewa." Botolo sanalisiye. "Mochedwa, inde, koma ndazidziwa. Ndipo mwanayu sapita."

"Tinagwirizana. Sikelo ikapanda kukwera..."

"Munagwirizana ndi mlongo wanu. Ine tsiku lija sindinayankhe, ndikuyankha lero. Ikapanda kukwera ndibwerera kwa anesi akafufuze china, ndipo chimene akanene ndichita. Akanena za botolo, ndizimupatsa ndine. Koma kugona azigona kwa ine."

Chipeso cha Madamu chinaima m'malere. Mphenzi anadikira chimphepo: kutukwana, kuimbira achibale, kumukumbutsa amene analera mwamuna wake. Zonsezo anali atazikonzekera, ndipo mayankho tsopano anali atafola pakamwa. Chimene sanakonzekere ndi chimene chinabwera. Alamu anatsitsa botolo pang'onopang'ono. Anayang'ana kadzanja kotambasuka kaja kali pamkono pawo, naika chala chawo m'kachikhathomo.

"Ndagula kabedi," anatero chapansipansi. "Chipinda ndapentetsa."

Mkwiyo wonse wa Mphenzi unathera pomwepo, panatsala chisoni chokhachokha. Masiku onsewa ankawaona ngati woweruza wobwera kudzamulanda mwana chifukwa cha ntchafu zowonda. Tsopano pa benchi panali mayi wamkulu, wovala bwino, amene anakwera maminibasi awiri ndi nsalu yoberekera m'khwapa. Anafuna kunena kanthu kowatonthoza, koma panalibe, chifukwa chimene alamu ankafuna chinali chimodzi chokha, ndipo chimenecho iye sakanawapatsa.

Alamu anamugwirabe mwanayo kanthawi, ali m'tulo tofa nato. Anamupukuta mkaka m'khosi ndi nsonga ya nsalu yatsopano ija, anamukonza kolala, kenako anamupereka okha ndi manja awiri. Anaimirira, anakhuthulira botolo mu sinki yotsukira mitu, analitsukuluza, nalongedza zinthu zawo chimodzichimodzi. Anatsanzikana ndi Madamu mwaulemu wonse. Atafika pakhomo anatembenuka, maso ali psuu.

"Ukabwerako ku sikelo udzandiimbire, mlamu. Kaya wakwera, kaya sanakwere."

"Ndidzakuimbirani, alamu."

Anawaona kudzera pa zenera akuwoloka msewu, chikwama chikuwalemera mbali imodzi, osacheuka. Mphenzi anakhalabe pa benchi paja. Palibe amene anamufulumiza, ngakhale Madamu. Mwana anali m'manja mwake, wokhuta, ndipo madzulo ankapita naye kwawo. Anamukumbatira pachifuwa nalira poyera, osabisa nkhope.